Kona ya pa Dibi

Lolemba, 11 Ogasiti 1958

Chisanu m'mawa, fumbi masana. Thirakitala yaing'ono yakananso kulira. Madzi m'mafuta.

Mwana wa bwana wabwera kuchokera ku Halale. Pakomboni timamutchula Kamvuluvulu chifukwa cha mayendetsedwe ake. Wabwera ndi galimoto ina, yabuluu, ndi bokosi la zitsulo kumbuyo. Anandipeza m'shedi manja ali bii. Anati, "Laxon, galimoto iyi pamsewu woongoka ndi mphezi, koma pakona imapendama ngati ng'ombe ya bere. Ndikufuna igwire pansi." Kuli mpikisano wa magalimoto ku Halale kumapeto kwa Sepitembala. Akufuna akalowe nawo.

Kona imene akunenayo ndikuidziwa. Ya pa dibi. Msewu ukatsika kuchokera kunyumba ya bwana umakhota mozungulira chimwala chachikulu, chobisa zonse zakutsogolo. Pomwepo ndi podutsa njira ya kukomboni. Amayi ndi zidebe za madzi, ana a sukulu, ng'ombe zochoka ku dibi Loweruka lililonse. Papulazi yonse ino ndi pokhapo pamene Kamvuluvulu amaponda buleki. Osati chifundo. Galimoto ndiyo imamukaniza.

Ndinati inde bwana. Zaka khumi ndi chimodzi ndili makanika pano, liwu langa ndi lomwelo.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ananditenga kuti ndikamve ndekha. Ndinayala thumba pampando kuti ovololo isadetse. Pa dibi, liwiro la mamailosi makumi atatu ndi asanu okha pa ola, thupi lonse la galimoto linagonera mbali imodzi, tayala lakumbuyo likukanda miyala. Mutu wanga pagalasi, gu! Iye kuseka.

Matenda ake ndawaona. Masipuling'i ndi ofewa, oyenera dona wopita kutchalitchi. Mashoki, zitsulo zoletsa galimoto kudumphadumpha, nawonso ofooka. Mawilo akutsogolo sakuyang'ana kumodzi. Tayala lakumanzere ladyeka kale m'mphepete.

M'bokosi muli mashoki anayi olimba, masipuling'i akutsogolo aafupi, ndi chitsulo chopingasa chomanga mawilo awiri akutsogolo kuti thupi lisapendame. Zonyezimira, zokulungidwa m'mapepala a mafuta. Ndinazigwiragwira nthawi yaitali. Ndisaname m'buku langa lomwe: manja anga akuifuna ntchitoyi. Chaka chonse makasu a pulawo ndi mapaipi a m'mabani a fodya. Lero kwabwera chinthu chofuna mutu.

Mkazi wanga Emelia sanakondwe. Anati, "Bambo a Jenifa, mukuinola kuti ikadule ndani?" Jenifa wathu amadutsa pakona paja kawiri patsiku.

Loweruka, 16 Ogasiti

A Faustino anaima pakhomo pa shedi pochokera ku dibi, ng'ombe zili kutsogolo zikununkha mankhwala. Mnzanga wakale. Tinakumana pa lole ya Ulere yobweretsa antchito kuno, chaka cha 1947, ine wa ku Dedza, iwo a ku Angonia kwa Apwitikizi. Chinangwa chimodzi tinabenthulirana masiku awiri. Lero ndi abusa a ng'ombe za papulazi. Khutu lakumanzere silimva chiwapondereni nkhunzi yofiira ija.

Anasuzumira pansi pa galimoto, ili pa majeke yopanda mawilo. "Amisiri, mwaithyola miyendo? Mwachita bwino, tipumeko." Ndinati ayi, ndikuipatsa miyendo ina yolimba. Anapukusa mutu, n'kundisiyira zipatso zitatu za matohwe pa benchi.

Ndinawauza kuti azidutsitsa ng'ombe kumunsi, ku chigwa. Akuti kumunsi kuli waya, ndipo geti lake a folomani anakhoma chaka chatha ng'ombe zitalowa m'nazale ya fodya.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Lero kumbuyo. Masipuling'i a kumeneko ndi amasamba, chitsulo pamwamba pa chinzake. Ndawonjezera tsamba limodzi mbali iliyonse, lochotsa ku lole yakufa ili kuseri kwa mabani. Kudula, kupala dzimbiri, kuboola pakati, girisi. Jeke inaterereka. Chikhadabo cha chala chachikulu chapita. Ndamanga nsanza n'kupitiriza.

Kamvuluvulu anakhala nane masana onse, atakhala pa dilamu, buku la Chingelezi m'manja, kumawerenga manambala. Kawiri buku linanena zina, ine zina. Tinayesa. Zanga ndizo zinakhoza. Anandipatsa ndudu ya m'paketi, n'kundiyatsira yekha.

Mwana ameneyu ndine ndinamuphunzitsa kupalasa njinga ali ndi zaka khumi. Anagwera m'minga, ndinamuzula minga kumsana akulira. Si woipa mtima. Sadziwa chabe kuti panjira pamayenda anthu.

Chala chikugunda ngati chili ndi mtima wakewake.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Kuwongola mawilo. Simenti yosalala ili m'shedi yosankhira fodya mokha, ndiye tinaikankhira kumeneko. Twaini yomangira fodya, kuikoka kuchokera ku tayala lakumbuyo mpaka lakutsogolo, mbali zonse ziwiri. Rula. Choko. Mawilo akutsogolo amafunika alozere mkati pang'ono, ngati kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Kupotokola thayirodi, ndodo yolumikiza chiwongolero ndi wilo. Kukankha galimoto kutsogolo. Kuyezanso. Kasanu ndi kawiri ndabwereza.

Pomaliza kumanga manati a thayirodi mpaka mapewa kupweteka. Kapini m'bowo lake, kupinda miyendo yake kuti nati isamasuke. Mbali zonse ziwiri. Ndinayang'ana, n'kupita kukamwa maheu, n'kubwera kudzayang'ananso.

Galimoto yatsika mainchi awiri. Yaima ngati galu wofuna kudumpha. Amayi osankha fodya anasiya ntchito kumaiyang'ana. Mmodzi wa Chishona anati, "Yakanaka, asi inotyisa." Yokongola koma yoopsa.

Lolemba, 25 Ogasiti

Tayesa.

Koyamba makumi anayi. Sinapendame. Kachiwiri makumi asanu. Kachitatu singano inafika makumi asanu ndi asanu, galimoto inazungulira chimwala chija ngati yamangidwa pa chingwe. Palibe kukanda, palibe kugwedezeka. Kamvuluvulu anakuwa, kumenya chiwongolero ndi chikhatho. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinakuwa nawo. Ndinaseka mpaka misozi. Ntchito ya manja anga, ya twaini ndi choko.

Pobwerera ndinaona fumbi lathu likadali m'mwamba pa dibi. Mkati mwake amayi awiri ataima m'udzu, zidebe pansi, madzi atatayika. Mmodzi anali a Ricardina, akazi a a Faustino. Sanandiyang'ane moipa. Anangotola chidebe n'kubwerera kuchitsime.

Chakudya chamadzulo chandikanika.

Lachitatu, 27 Ogasiti

Ndayenda kwa anthu atatu.

Kwa a Sixpence, folomani, za geti la kumunsi. Akuti kiyi ili kwa bwana wamkulu, iwo sangapemphe, nazale yangofesedwa kumene.

Kwa Kamvuluvulu. Ndinati bwana, musanafike pachimwala muziliza hutala, makamaka Loweruka. Anati zvakanaka, Laxon, chabwino, maso ali pa matayala. Sanamve.

Kwa bwana wamkulu, pakhonde, chipewa m'manja. Ndinapempha kuti ndikhome chikwangwani, kapena tikumbe kamzere pamsewu kuti galimoto izichepetsa liwiro. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Msewu ndi wanga. Uza anthu ako akhale ndi maso." Anthu anga.

Masana ndinaima pafupi ndi galimoto ndi sipanala. Ola limodzi ndikhoza kubwezera mashoki akale. Iye angazindikire pakona yoyamba, n'kuitengera kugalaja ya ku Halale, akaikonzenso chimodzimodzi, ine ntchito yatha. Ndinadziuza choncho. Koma chinanso chilipo: sindinafune kuiwononga. Ndinabweza sipanala pa msomali.

Jenifa ndamuuza azizungulira kuseri kwa mabani. Ndi kutali. Walira.

Lamulungu, 31 Ogasiti

A Faustino kulibe.

Dzulo.

Lachiwiri, 2 Sepitembala

Tawaika dzulo kumanda a kuseri kwa komboni. Bwana wapereka matabwa. Bokosi ndakhoma ndine.

Ndilembe mmene zinachitikira, mwina zichoka m'mutu. Loweruka, cha m'ma teni m'mawa. Ndinali m'shedi. Ndinamva injini ikutsika kuchokera kunyumba. Giya yachiwiri, yachitatu. Ndinadikira hutala. Ndinadikira buleki. Palibe. Kenaka phokoso limodzi, losakula n'komwe, ngati thumba la chimanga lagwa pa lole.

Ndinathamanga. Ng'ombe zonse zinali zitaoloka. Kamwana ka ng'ombe kamodzi kanatsalira pamsewu, iwo anabwerera kukakakusa. Khutu logontha ndilo linali ku chimwala. Ndinawapeza pa waya, mapazi opanda nsapato, ndodo ikadali m'manja. Galimoto itaima patsogolo, pakati penipeni pa msewu, yoongoka. Kona inaidutsa bwinobwino. Kamwana ka ng'ombe kamoyo, kakudya udzu.

Kamvuluvulu anali atakhala pansi m'fumbi, kumangoti, "Sindinamuone, sindinamuone."

Ndinawanyamula pa lole, a Ricardina atawapakata kumbuyo. Msewu wa kuchipatala ku Marandelasi. Tisanafike pa msewu wa tala a Ricardina anamenya denga la lole. Ndinaima. Anati, "Alamu, musathamangenso."

Lachitatu, 3 Sepitembala

Bwana wamkulu wandiitana. Osati pakhonde, mkati mwa ofesi. Anandiuza ndikhale pampando. Chiyambire.

Akuti Lachisanu kubwera joni, wapolisi wachizungu, ndi mzungu wina woyeza magalimoto. Akuti mwana wake ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, moyo wake wonse uli kutsogolo. Akuti mwanayo anayesa kupewa koma chiwongolero chinakana. Anandiyang'ana. "Zitsulo zimamasuka, Laxon. Nati imodzi ya thayirodi. Palibe munthu amamangidwa chifukwa cha nati. Ndidzakuyankhulira ndine. Nyumba yako ndi ntchito yako zili pomwepo mpaka ukalambe."

Ndinati ndamva, bwana. Sindinati inde. Iye anamva inde.

Galimoto ili m'shedi mwanga, yofundidwa ndi tenti. Kiyi ya shedi ndili nayo ndine.

Lachinayi, 4 Sepitembala

Ndalowa pansi pake m'mawa. Nyali imodzi yosweka, kutsogolo kobonyoka. Pansi zonse zili mmene ndinazisiyira. Manati olimba. Tipini tiwiri, miyendo yopindidwa. Chiwongolero sichinakane chilichonse.

A Sixpence anabwera, kuima pakhomo osalowa. Nawonso mantha ali m'maso. "Mudhara, ndi kapini kamodzi. Pulayala muli nayo. A Faustino sadzuka ngakhale munene zotani." Zoona. Sadzuka.

Ndikachotsa kapiniko, pakomboni adzati Laxon sanamange nati, Laxon wapha mnzake. Ndikakasiya, adzanenabe kuti Laxon ndiye anaipatsa miyendo. Mbali zonse dzina langa lilipo. Kusiyana kwake n'kwakuti china n'choona.

Kamvuluvulu anabwera masana, ndevu zosameta. Anaima nthawi yaitali pafupi ndi tenti. Anafunsa motsitsa mawu, "Inali bwino, Laxon?" Ndinati inali bwino, bwana. Anagwedeza mutu, n'kutuluka. Ndinamumva akusanza kuseri kwa shedi.

Emelia wanena zinthu ziwiri lero. M'mawa: "Akatichotsa tipita kuti? Ku Dedza munda unapita kale kwa alongo anu." Madzulo, akutsuka mbale, osandiyang'ana: "Mukachotsa kapiniko, a Ricardina ndizikawapatsa moni wotani pachitsime?"

Pulayala ili m'thumba la ovololo. Tsiku lonse yandigunda pantchafu.

Lachisanu, 5 Sepitembala

Abwera cha m'ma naini. Joni, ndi mzungu wachikulire wa dazi atavala ovololo yoyera. Bwana wamkulu kumbuyo kwawo, kaliwo pakamwa.

Wadaziyo analowa pansi, ine ndikumuunikira ndi tochi. Anagwira thayirodi, kuigwedeza. Anayang'ana tipini. Anayeza mawilo ndi chida chake cha mkuwa. Anafunsa kuti wakonza ndani. Ndinati ndine. Ndi chiyani? Ndinati twaini ya fodya. Anaseka pang'ono, nati m'magalaja a ku Halale alipo ochepa ofika pamenepa. Zaka zonsezi ndinkafuna mzungu wodziwa zitsulo anene mawu amenewa. Abwera lero.

Titatuluka joni anatsegula buku. Kodi chilipo chinamasuka kapena kuthyoka tsiku la ngozi? Ndinamva bwana akuchotsa kaliwo pakamwa. Ndinagwira chitseko cha galimoto.

Ndinati palibe, bwana. Zonse zili mmene ndinamangira.

Anafunsa kuti pakona paja galimotoyi ingadutse ndi liwiro lanji. Ndinati makumi asanu ndi asanu, ndinalimo tsiku loyesa. Ndinati isanakonzedwe sinkapyola makumi atatu ndi asanu. Izi sanandifunse. Zinangotuluka.

Analemba. Bwana wamkulu anawaperekeza kunyumba kukamwa tiyi.

Lolemba, 8 Sepitembala

Notisi. Masiku asanu ndi awiri. A Sixpence ndiwo abweretsa, pamodzi ndi chitupa changa chosainidwa kale kuti ntchito yatha. Atenga kiyi ya shedi. Sipanala zanga zitatu zimene ndinabwera nazo andilola kutenga.

A Ricardina nawonso masiku asanu ndi awiri. Nyumba ya pakomboni ndi ya wantchito, wantchito kulibe. Ana anayi.

Kamvuluvulu wapita Loweruka kwa amalume ake ku Joni. Sanatsanzike. Galimoto yapita pa lole kukagulitsidwa.

Kukhi wa kunyumba akuti anamva pa tiyi paja: ng'ombe pamsewu, mbusa wogontha, ngozi. Akuti ndi zimene zalembedwa. Ngati kudzakhala khoti, hameno. Ine palibe wandiuza kuti adzandiitana.

Ndiye ndanena zoona, zagwera kuti? Emelia sanandidzudzule. Wayamba kumanga mapoto m'thumba.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Ndapalasa njinga mpaka ku Macheke. Kugalaja mzungu anayang'ana chitupa, anaona dzina la pulazi, anandibwezera. Nkhani yafika kale. Pamapulazi awiri a m'njira chimodzimodzi. Wina akuti ku migodi ya ku Arcturus amafuna anthu a mainjini, ndipo kumeneko safunsa zambiri. Tiyesa. Chitima cha Lolemba.

Pakomboni ena amandipatsa moni ndi manja awiri. Ena akandiona amalowa m'nyumba. Sindikudziwa amene akulondola.

A Ricardina chiikireni maliro sitinayankhulane. Ndikawaona pakhomo ndimazungulira.

Jenifa wafunsa ngati ku Arcturus kuli sukulu.

Lamulungu, 14 Sepitembala

Titaweruka kutchalitchi a Ricardina abwera okha. Nsalu yakuda, mwana wamng'ono kumsana. Emelia anawayalira mphasa. Ine ndinafuna kutuluka. Anati, "Khalani, alamu. Ndabwera kwa inu."

Akuti amayi a a Faustino ali moyo ku Angonia, sakudziwa kanthu. Akuti iwo sapita kumeneko msanga, ayamba apita kwa achimwene awo ku Darwendale. Pafunika kalata, idzere kwa ansembe a kumishoni, akawawerengere. Pakomboni pano wolemba bwino Chinyanja ndine.

Ndinati alamu, pezani wina. Ndinati galimoto ija ndinakonza ndine, ikanakhala mmene inabwerera bwenzi ataponda buleki. Koyamba kunena mawu amenewa ndi pakamwa.

Anati akudziwa. Anati tsiku loyesa anandiona ndikuseka mkatimo. Anatinso a Sixpence anawauza za kapini. Anagwedeza mwana. Kenaka: "Sindinabwere kudzakukhululukirani, mtima sunafike pamenepo. Koma wina akalemba adzati ngozi. Inu mulemba mmene zinalili."

Ndinafunsa ngati ndilembenso za ine. Anati zonse.

Pepala lina m'nyumba muno mulibe, zonse tamanga. M'bukuli mwatsala masamba atatu. Nding'amba amenewa. Akudikira pamphasa, pensulo ndanola.

Ndiyamba ndi moni. Kenaka dzina langa.